Ulendo wa ku Zomba ndi kalata ya sukulu m'thumba

Mwana wa sukulu akauza mnzake kuti "iwe ndiwe wa ku Zomba," sanena za phiri lija, kapena za Chancellor College, kapenanso za nyumba zakale za boma za nthawi imene mzindawu unali likulu la dziko lino mpaka mu 1975. Amanena za chipatala cha anthu odwala misala. Mawuwa amamveka m'kalasi, pabwalo la mpira, m'minibasi ngakhale pamaliro, ndipo nthawi zonse amatsatana ndi phwete. Ambiri mwa amene amaseka sanapondeko pachipata cha chipatalacho. Amangodziwa kuti ndi malo kumene munthu amapita atamangidwa zingwe, ndipo akabwerako anthu amaiwala dzina lake lenileni.

Manthawa ali ndi gwero lake. Malo oyamba osungirako anthu odwala misala m'dziko muno anatsegulidwa mu 1910, ndipo anali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba. Amene ankayang'anira odwalawo ntchito yawo inali yolonda, osati yochiza. Choncho agogo athu akamati wamisala amakamutsekera kundende, sankanama. Chipatala chimene tikuchidziwa lerochi chinatsegulidwa mu 1953, patatha zaka zisanu chikhazikitsireni lamulo la Mental Treatment Act la 1948. Cha nthawi yomweyo, mu 1952, madokotala a ku Paris anayamba kupereka mankhwala a chlorpromazine kwa odwala amene ankamva mawu ndi kuona zinthu zimene ena sakuziona, ndipo mankhwalawa akugwirabe ntchito m'zipatala zathu mpaka lero. Mankhwala anafika, koma mbiri ya ndende ndiyo inakanirira m'mitu mwathu.

Ine ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera, chakummawa kwa boma la Machinga. Pa holide ya Pasaka chaka chino ndinakwera minibasi kupita ku Zomba pamodzi ndi mayi ndi amalume a mnyamata wina wa Fomu 3, wa zaka 18, amene anali atagonekedwa kuchipatalako kwa masabata asanu ndi limodzi. Dzina lake sinditchula, ndipo akwawo anavomera kuti ndilembe nkhaniyi bola ndisanene mudzi. M'thumba la malaya ndinali ndi kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu. Funso la m'kalatamo linali limodzi: kodi mwanayu angabwererenso m'kalasi?

Ndifotokoze kaye mmene zinayambira, chifukwa apa ndi pamene aphunzitsi anzanga ndi makolo angatolepo kanthu. Mnyamatayu anali wa m'gulu la ana amene mphunzitsi amawayang'ana kalasi lonse likangoti zii. M'mwezi wa Okutobala anasamuka pa desiki lakutsogolo n'kukakhala kumbuyo yekha. Mpira anasiya. Makope ake, amene anzake ankabwereka kukakopera manotsi, anayamba kukhala ndi mizere yosatha, ndipo m'mphepete mwa masamba munadzaza manambala ndi timivi tolozana. Yunifolomu inayamba kuda. Kunyumba, malinga ndi mayi ake, usiku ankangokhala tsonga pamphasa mpaka tambala woyamba. Kenaka anakana kudya nsima yophika mlongo wake, ati muli mankhwala. Anachotsa mabatire mu wailesi ya amalume ake chifukwa owulutsa mawu ankanena za iye. Tsiku lina mu Novembala, ndili pakati pa phunziro, anaimirira n'kundipempha mwaulemu wonse kuti nditseke zenera chifukwa anthu amene ali panja akutchula dzina lake. Panjapo panali mbuzi ziwiri basi.

Vuto lake ndi loti chizindikiro chilichonse mwa zimenezi, chikakhala pachokha, chili ndi tanthauzo lina losavuta. Mnyamata akakhala chete timati wakanidwa ndi chibwenzi. Akasiya kusamba timati ndi ulesi. Akamaseka yekha timati walawa chamba. Akamalephera mayeso timati kunyumba kuli njala, ndipo nthawi zambiri kumakhaladi njala. Chimene chiyenera kutidzidzimutsa ndi pamene zinthuzi zabwera pamodzi, mwa mwana amene sanali wotero, ndipo zikukulirakulira sabata ndi sabata. Kumva mawu pamene palibe wolankhula, ndi kukhulupirira kolimba kuti anthu akumulonda kapena akufuna kumupha popanda umboni, izi ndiye sizifunanso kudikira.

Mphunzitsi wamkulu anaitana akwawo mu Novembala momwemo n'kuwalangiza zopita kuchipatala. Banja linakhala pansi n'kusankha njira ina. Mu Disembala anapita naye kwa sing'anga, kumene kunapita mbuzi ndi ndalama zimene anasungira feteleza. Mu Januwale anakagona naye ku mapemphero masiku angapo. Mu Febuluwale mnyamatayo anatuluka usiku, ndipo anakamupeza patapita masiku awiri akuyenda m'mbali mwa njanji yopita ku Nayuchi, mapazi atatupa. Amene anatembenuza nkhani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, bambo amene anthu amangomudziwa ndi sikelo ya ana ndi katemera. Iyeyu anakhala pakhonde ndi amalume madzulo onse, ndipo mmawa mwake anaperekeza banjalo kuchipatala chaching'ono. Kuchoka apo anawatumiza kuchipatala cha boma ku Liwonde, kumene anamuyeza malungo ndi magazi, kenaka ambulansi inamutengera ku Zomba.

Tsiku la ulendo tinanyamuka kusanache pa kabaza mpaka pa Ntaja. Mayi anali atanyamula kadengu ka mbatata yophika, nthochi ndi chitenje chatsopano choti mwana akafunde. Minibasi inadzaza pa Nsanama ndi matumba a mpunga ndi nkhuku zomangidwa miyendo, ndipo pofika pa Liwonde dzuwa linali litayamba kale kuwotcha monga limachitira kuchigwa cha Shire, pakati pa milambe ndi migwalangwa. Pamenepo tinasintha galimoto. Amene anayendapo msewu wa Liwonde kupita ku Zomba akudziwa mmene umakwerera ukangodutsa pa boma la Machinga: kutentha kumatsala m'munsi, kamphepo kamayamba kulowa pazenera, ndipo phiri la Malosa limakuperekezani kudzanja lamanja mtunda wautali.

Amalume, amene ndi mwini mbumba ndipo ndi amene anagulitsa njinga kuti ulendowu utheke, sanalankhule mpaka titakwera chitunda. Kenaka anandiyandikira.

"Aphunzitsi, inu ndinu ophunzira. Tandiuzani. Mwana amene amakhala nambala wani chaka ndi chaka, mutu ungangosokonekera wokha popanda munthu kuikapo dzanja?"

Ndinawayankha kuti akafunse funso lomwelo kwa adokotala. Sindinafune kutsutsana nawo m'galimoto, komanso funso lawo ndimalimvetsa. Sing'anga amayankha funso loti "ndani wachita izi," ndipo munthu amene mtima ukumuwawa amafuna yankho limenelo. Chipatala chimayankha funso lina, loti "chikuchitika n'chiyani, nanga tichite chiyani." Kwathu kuno pafupifupi pa msika uliwonse pali bambo wina wovala nsanza amene anthu amati anali katswiri wa masamu, anapenga ndi kuwerenga kapena anamulodza chifukwa cha nzeru. Ine ndikaona anthu oterewa ndimaganiza kuti nzeru zawo sizinali chifukwa cha matendawo. Kungoti matendawa amakonda kugwira munthu pa msinkhu umene ali pasukulu, ndipo amene anali wanzeru ndi amene anthu amamukumbukira.

Tinadutsa pa Domasi, pamene zaka zapitazo ndinkatsika ndi chikwama changa kupita ku koleji ya aphunzitsi, kenaka pa Songani pamene amayi anathamangira minibasi ndi mabeseni a tomato ndi chimanga chootcha. Titadutsa Chinamwali phiri la Zomba linali litadzaza kale zenera lonse, mtambo utakhala pamwamba pake.

Chipatalacho sichifanana ndi chimene chili m'nthabwala zathu. Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi anthu atakhala pamthunzi akudikira, ena atagwira mabuku a kuchipatala, ena akumwa thobwa, monga zimakhalira pachipatala china chilichonse. Sindikanatha kuloza kuti wodwala ndi uti, woperekeza ndi uti. Mnyamata wina wovala bwino amene ndinkamuyesa wogwira ntchito pamalopo anandiuza yekha kuti wabwera kudzatenga mankhwala a mwezi, ndipo akuthamangira kukatsegula shopu. Inde, kuchokera m'mawodi munkamveka wina akufuula nthawi ndi nthawi, ndipo zitseko zina zinali zokhoma. Koma phokoso lalikulu linali la mbalame ndi la tsache.

Namwino amene anatilandira, mayi wachikulire wolankhula mofatsa, anatsegula faelo n'kufunsa funso limene ndikuona kuti ndilo linali mutu wa ulendo wonse.

"Kodi zimenezi zinayamba liti?"

Mayi anati mu Febuluwale, tsiku limene mwana anasowa. Amalume anati ayi, mu Disembala, pamene anakana nsima. Ine ndinati mu Okutobala, pamene anasamuka pa desiki. Namwinoyo analemba Okutobala. Anatifotokozera kuti iwo amawerenga nthawi kuchokera pamene zizindikiro zaoneka mpaka pamene munthu wayamba kulandira mankhwala, chifukwa nthawi imeneyi ikatalika, kuchira kumavutanso. Munthu amene wakhala zaka akumva mawu osalandira thandizo amakhala atataya sukulu, ntchito, anzake ndi chikhulupiriro cha abale, ndipo mankhwala sabweza zonsezi. Anati mnyamata wathuyu, pa miyezi inayi kapena isanu, ali m'gulu la ofika msanga. Mayi anadabwa kumva zimenezi, poti kwa iwo miyezi imeneyo inali ngati zaka.

Zimene ananenazi si maganizo a munthu mmodzi. Kafukufuku wa m'maiko ambiri wapeza zomwezo, ndipo kuno kwathu a St John of God ku Mzuzu anafufuzapo za nthawi imene odwala amatenga asanafike kuchipatala, n'kupeza kuti ambiri amafika patapita miyezi yambirimbiri, ena zaka. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, dokotala wina dzina lake Patrick McGorry ndi anzake anatsegula mu 1992 malo othandizira achinyamata okhaokha amene angoyamba kumene kudwala, ndipo maiko ena anatengera nzeruyi. Ife tilibe ndalama zomangira malo otere m'boma lililonse. Koma maziko a nzeruyo, oti wachinyamata apezeke msanga ndipo asachotsedwe pakati pa anzake, safuna nyumba yatsopano.

Matenda otere kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa zaka za kumapeto kwa unyamata ndi zaka 30, ndipo anyamata amawayamba msanga kuposa atsikana. M'sukulu zathu zakumudzi, kumene mwana wa Fomu 3 amatha kukhala ndi zaka 19 kapena 20, msinkhu umenewu ndi umene wadzaza m'makalasi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse ali ndi matenda a schizophrenia, omwe ndi mtundu umodzi chabe wa matenda osokoneza maganizo motere. Sukulu yathu yokha ili ndi ana oposa nambala imeneyo.

Funso la amalume linafunsidwa, ndipo dokotala amene anabwera pambuyo pake sanawaseke. Anati palibe chifukwa chimodzi. Pena matendawa amayenda m'magazi a banja, pena amadzutsidwa ndi mavuto aakulu kapena kusagona, ndipo chamba chimawonjezera chiopsezo makamaka kwa amene ayamba kusuta ali aang'ono. Anawonjezera kuti munthu angathe kusokonezeka mutu chifukwa cha malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, kachilombo ka HIV, khunyu kapena mowa, ndipo amayi ena zimawachitikira atangobereka. N'chifukwa chake kuyeza thupi kumayamba. Apa ndinaganizira za mwana amene ali ndi malungo a muubongo koma wagonekedwa kwa sing'anga sabata yathunthu. Ameneyo sataya teremu yokha, amataya moyo. Za mapemphero dokotalayo anati apitirize, bola asasiye mankhwala ndipo pasakhale womumanga kapena kumumenya.

Kenaka anamubweretsa. Anali atanenepa pang'ono, akuyenda mwapang'onopang'ono, manja ali owuma ngati wanyamula ndowa zosaoneka. Mayi ake anaimirira n'kukhalanso pansi. Iye anawagwira dzanja, anapereka moni kwa amalume, kenaka anandiona.

"Sala, mwabwera? Kope langa la Biology lili ndi ndani?"

Ndinamuuza kuti lili mu kabati yanga. Anakhala chete kanthawi, n'kufunsanso ngati anzake akudziwa kumene ali. Ndinamuuza zoona, kuti akudziwa, ndipo awiri anandipatsira moni. Anati mawu aja sanatheretu, koma tsopano akumveka patali ngati wailesi ya nyumba yachitatu, ndipo akutha kugona.

Kuuma kwa manjako kunawadetsa nkhawa mayi. Kumudzi kuli mbiri yoti jakisoni wa ku Zomba amapusitsa munthu, ndipo mabanja ambiri amasiyitsa mankhwala akangoona wodwala akunjenjemera, akutuluka dovu kapena akugona kwambiri. Namwino uja anati zimenezi ndi zotsatira za mankhwala monga haloperidol, chlorpromazine ndi jakisoni wa fluphenazine, osati matendawo, ndipo zili ndi pothawira: kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera timapiritsi ta benzhexol timene ambiri amatidziwa ndi dzina loti Artane. Chofunika ndi kubwera kudzanena, osati kutaya mankhwala kuchimbudzi. Anati ambiri mwa amene amabwereranso m'mawodi ndi amene anasiya mankhwala atangoona kuti apeza bwino. Ndikanakonda mawu awa akanamveka pa msonkhano uliwonse wa makolo ndi aphunzitsi, chifukwa ndi pamenepa pamene mabanja ambiri amagwera, atayesetsa kale zonse.

Nditapereka kalata ija, dokotala anaiwerenga n'kuyankha pansi pake ndi cholembera. Mwanayo abwerere kusukulu, koma pang'onopang'ono. Asamawerenge usiku wonse ndi nyali monga amachitira ana oyandikira mayeso. Pakhale mphunzitsi mmodzi amene angamuuze zakukhosi, ndipo mphunzitsiyo akaona kuti wayambanso kusagona, kudzipatula kapena kukayikira anthu, adziwitse akwawo tsiku lomwelo. Za kubwereza Fomu 3 anati zimenezo tikambirane ife a sukulu ndi mwini wake, osamusankhira.

Pobwerera tinali anayi. Mnyamatayo anakhala pazenera, atafunda chitenje chija ngakhale kunali dzuwa, akudya mbatata. Ine ndinkaganiza za mlangizi wa zaumoyo uja. Zipatala zogonekera odwala matendawa m'dziko muno n'zowerengeka: Zomba, ndi za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a matendawa ndi ochepa kwambiri. Koma alangizi a zaumoyo ali pafupifupi m'dera lililonse, ndipo amadziwa khomo lililonse. M'maboma a Salima ndi Chiradzulu muli ntchito ya kafukufuku yotchedwa PROMISE, imene akuyendetsa a sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences mogwirizana ndi a University of Edinburgh, yofuna kuti alangiziwa azitha kuzindikira matendawa msanga, komanso kuti asing'anga ndi atsogoleri a mipingo azitumiza odwala kuchipatala. Ine ndikuona kuti pamndandandawu aphunzitsi tiyenera kukhalapo. Mlangizi amafika pakhomo mwa apo ndi apo, sing'anga amamuona mwana zinthu zitavuta kale, pamene ife timakhala naye maola asanu ndi awiri pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndipo timadziwa mmene amalembera ali bwinobwino. Amayi a mother group, amene amalondola atsikana osiya sukulu mpaka kukhomo kwawo, angathenso kufunsa za mnyamata amene wangosowa m'kalasi popanda chifukwa chomveka. Palinso bungwe la MeHUCA, la anthu amene anadwalapo matenda a maganizo ndi owasamalira, limene banja ngati ili lingapezeko anzawo.

Pa Liwonde amalume anawerenga ndalama zotsala n'kupukusa mutu. Jakisoni ndi wa mwezi ndi mwezi. Chipatala chaching'ono cha kwathu chimalandira namwino wa matendawa kamodzi pamwezi, galimoto ikapezeka, ndipo mankhwala sakhalapo nthawi zonse. Akasowa, ndiye kuti ulendo wa kuboma, anthu awiri, kupita ndi kubwera, pamene njinga inagulitsidwa kale. Anandifunsa ngati sukulu ingathandizeko. Nkhaniyi tinakaitula ku komiti ya makolo, ndipo anagwirizana kuti mwezi umene mankhwala asowa, thiransipoti izichokera m'thumba la komitiyo. Panali otsutsa, ena ponena kuti ndalamazo ndi za choko ndi mapepala, ena poopa kuti mwanayo angavulaze anzake. Mlangizi uja anabwera kudzalankhula nawo, ndipo anawakumbutsa kuti m'miyezi yonse ija munthu yekhayo amene anavulala ndi mnyamatayo.

Teremu yachitatu yatsegulidwa. Sabata yoyamba anabwera masiku atatu mwa asanu, yachiwiri anabwera onse. Wasankha yekha kubwereza Fomu 3 mu Seputembala, ndipo pakalipano akungomvetsera ndi kukopera manotsi amene anamudutsa. Wakhalanso kutsogolo, kutali ndi zenera. Amalemba mochedwa, ndipo belu likalira amatsala akumalizitsa. Tsiku lake lokabayitsa jakisoni mwezi uno lagwera Lachinayi limene ndinakonza zoti kalasi lake lilembe mayeso a Biology, choncho mayesowo ndawasunthira Lachisanu.